Tiyamike akabwerera ku 2021, Mphatso amene akam'pezeyo ndi uti?

Funso: Ndine mtsikana wa zaka 19 ndipo ndikulemba buku langa loyamba m'Chichewa. Ndi nkhani ya Tiyamike, wophunzira wa Folomu 4 ku Blantyre, amene bwenzi lake Mphatso anafera m'matope a namondwe wa Freddy ku Chilobwe mu Malichi 2023. Tsiku lina Tiyamike akudzuka n'kupeza kuti ali mu 2021, tsiku lomwe anakumana ndi Mphatso koyamba, ndipo akutsimikiza mtima kuti ulendo uno amupulumutsa. Mnzanga atawerenga anati nkhaniyi ili ndi chiboo: Mphatso akapulumuka ndiye kuti Tiyamike alibenso chifukwa chobwerera m'mbuyo, ndipo akapanda kubwerera Mphatso afa. Kodi ndisinthe kuti Tiyamike apite kudziko lina lofanana ndi lathuli, kumene Mphatso akadali moyo? Nanga ndiyenera kufotokoza sayansi yake?

Yankho: Zikomo kwambiri achemwali, ndipo mnzanuyo musamutaye, ali ndi diso. Chiboo chomwe waonacho n'chakale zedi. Olemba amachifotokoza ndi nkhani ya agogo: munthu wabwerera m'mbuyo n'kukapha agogo ake aamuna asanabereke, nanga iyeyo anabadwa bwanji kuti akawaphe? Chiboochi chimatsekeka ndipo ndikuonetsani njira zake. Koma nditawerenga funso lanu, chimene chandigwira mtima ndi china. Tiyamike akufika mu 2021 atanyamula zaka ziwiri za chikondi, ndi maliro pamwamba pake, pomwe Mphatso sakudziwa ngakhale dzina lake. Buku lanu lagona pamenepo, ndipo ndichedwapo.

Za sayansi ndizidula mwachidule. Chomwe chinatsimikizika n'chakuti nthawi siyenda mofanana paliponse. Albert Einstein anazilongosola mu 1905 ndi mu 1915, ndipo mu 1971 Joseph Hafele ndi Richard Keating anakweza mawotchi olondola kwambiri m'ndege zonyamula anthu, kuzungulira nawo dziko, n'kupeza kuti asiyana ndi mawotchi omwe anatsala pansi. Mawotchi a m'masetilaiti a GPS, omwe amathandiza mafoni kudziwa malo omwe tili, amatsogola ndi magawo pafupifupi 38 mwa magawo 1 miliyoni a sekondi tsiku lililonse, ndipo amisiri amachita kuwakonzera. Zonsezi zikunena za kufika kutsogolo msanga kapena mochedwa. Kubwerera ku dzulo palibe anachitapo. Choncho mulibe ngongole ya sayansi kwa wowerenga wanu. H. G. Wells, yemwe buku lake la The Time Machine la mu 1895 linatchukitsa makina oyendera m'nthawi, anangofotokoza maonekedwe a makinawo osatiuza momwe amagwirira ntchito, ndipo anthu akuliwerengabe. Ngongole yomwe muli nayo ndi ya lamulo. Wowerenga avomera kuti mtsikana wagona mu 2023 n'kudzuka mu 2021, bola mumuuze msanga zomwe zingatheke ndi zomwe sizingatheke, ndipo musadzasinthe lamulolo pa tsamba 150 chifukwa nkhani yakupanikizani.

Lamulo limodzi limati zomwe zinachitika zinachitika basi. Katswiri wa ku Russia, Igor Novikov, anati ngati ulendo wobwerera m'mbuyo ungatheke, woyendayo angachite zokhazo zogwirizana ndi zomwe zinachitika kale. M'buku lanu zikutanthauza kuti Tiyamike anali mu 2021 kuyambira kale ndi kale, ndipo chilichonse chomwe akuchita populumutsa Mphatso ndi chomwe chikumufikitsa Mphatsoyo m'nyumba ija usiku uja. Chiboo cha mnzanu chatsekeka, koma mtengo wake ndi wowawa: madzi atayika ndipo sawoleka. Chomwe Tiyamike angapindule ndi kutsanzika kumene imfa yadzidzidzi inamumana. Lamuloli limayenera buku lomwe mtima wake ndi kulira maliro mpaka kuvomereza.

Lina limati nthawi imafufutika n'kulembedwanso, ngati bolodi la m'kalasi. Pa lamuloli wobwererayo yekha ndi amene amakumbukira zomwe zafufutidwa, ndipo funso la mnzanu limayankhidwa ndi mawu amodzi: chifukwa chobwerera chili m'mutu mwa Tiyamike, sichifufutika ndi zinazo. Apa ndikutchulireni buku limodzi chifukwa likufanana kwambiri ndi lanu. Mu Opposite of Always, lomwe Justin A. Reynolds anatulutsa mu 2019, Jack akumana ndi Kate paphwando, akondana, kenako Kate amwalira ndi matenda a magazi otchedwa sickle cell. Jack abwezedwa ku usiku womwe anakumana, ndipo izi zichitika kangapo. Chomwe chimalimbitsa bukuli n'chakuti nthawi iliyonse yomwe Jack wathamangira kupulumutsa Kate, china chimagumuka kumbali: anzake apamtima amapweteka, makolo ake amakhumudwa, ndipo iye mwini amachita zinthu zomwe sakanazichita. Ndimalikondanso chifukwa matenda ake si ongopeka. Sickle cell ndi matenda omwe mabanja ambiri kuno ku Africa amawadziwa m'nyumba mwawo, ndipo chikondi cha Jack sichiwachiza.

Ndiye pali njira yomwe mukufunsayo, ya dziko lachiwiri. Maganizowa ali ndi mizu m'sayansi: mu 1957 Hugh Everett, yemwe anaphunzira ku yunivesite ya Princeton, analemba kuti m'tinthu ting'onoting'ono kwambiri zotheka zonse zimachitika, chilichonse m'nthambi yake. Everett sankanena za zibwenzi, ndiponso m'maganizo akewo nthambizo siziyenderana, koma olemba nkhani anatengapo chithunzi cha mtengo wa mphanda zambiri. Njirayi imatseka chiboo mosavuta kuposa zonse. Komatu taonani zomwe imatsegula. Kudziko lomwe Tiyamike wachoka, Mphatso akadali m'manda, mayi ake a Mphatso akadalira, ndipo tsopano mayi ake a Tiyamike nawonso mwana wawasowa. Palibe amene wapulumutsidwa. Tiyamike wangosamukira komwe kulibe maliro. Ndipo kudziko latsopanolo kuli kale Tiyamike wina, mwini wake wa Mphatso wakumeneko. Amuchita chiyani? Claudia Gray anakumana ndi funso limeneli m'mabuku ake atatu oyamba ndi A Thousand Pieces of You la mu 2014. Mtsikana wa m'nkhaniyo, Marguerite, akadumphira kudziko lina amalowa m'thupi la Marguerite wakumeneko. Kudziko lina kumene Russia ikadali ndi mfumu, iye ndi mwana wa mfumuyo, ndipo agona ndi mnyamata amene amamukonda. Pambuyo pake amva kuti mwini thupi uja watsala ndi pakati pomwe sanasankhe yekha. Wolembayo sanazembe, anamusiya Marguerite asenze mlanduwo.

Langizo langa ndi lakuti musasamukire kudziko lachiwiri pofuna kungotseka chiboo. Nkhani ya mayiko awiri imafunsa funso lake lake, lakuti kodi ndimakonda munthuyu kapena nkhope yake ndi dzina lake. Ndi funso labwino, koma si lomwe linakudzutsani kuti mulembe. Inu mwalemba za mtsikana amene akukana kuti phiri linamulanda munthu. Khalani ndi dziko limodzi. Mukasakaniza malamulo awiri, pena nthawi ikufufutika pena ikuchita mphanda, wowerenga saopanso chilichonse chifukwa akudziwa kuti khomo lothawira lilipo. Mapanga awiri avumbwitsa, ngakhale m'buku.

Tsopano tibwere kwa Mphatso wa 2021. Taganizani m'mene zikuonekera kwa iye. Ndi mnyamata wa zaka 16 kapena 17, wavala masiki pachibwano, akudikira minibasi. Pabwera mtsikana amene sanamuonepo, wamuyang'ana ngati waona mzukwa, misozi ili mbwembwembwe. Mtsikanayu akudziwa nyimbo yomwe amaikonda, akudziwa kuti bambo ake anachoka pakhomo, akudziwa chomwe chimamuseketsa ndi chomwe chimamukhumudwitsa. Mabuku ambiri a achinyamata amalemba zimenezi ngati zokoma, ngati umboni wakuti awiriwa anawalengera limodzi. Ine ndimaziona ngati malo oopsa kwambiri m'nkhani yonse, ndipo n'chifukwa chake ndi malo onona. Ulendo woyamba awiriwa anadziwana pang'onopang'ono, aliyense akuulula chinsinsi chake pa nthawi yomwe wafuna. Mphatso anamuuza Tiyamike za bambo ake patapita miyezi, atamukhulupirira. Ulendo wachiwiri Tiyamike ali ndi chinsinsicho asanapatsidwe. Akachigwiritsa ntchito kuti Mphatso amukonde msanga, ndiye kuti akumusewera ngati bawo lomwe akudziwa kale mathero ake. Mphatso sanasankhe kalikonse, wangotsatira njira yomwe wina wamulambulira.

Musathawe zimenezi, zilembeni. Mulole Tiyamike agwe m'chiyeso chimenechi, chifukwa munthu aliyense wolira angagwemo. Anene mawu omwe akudziwa kuti anagwira ntchito kale. Apewe mkangano womwe akukumbukira kuti unawalekanitsa sabata ziwiri. Kenako aone zotsatira zake: mkangano uja ndi womwe unamuphunzitsa Mphatso kupepesa, ndipo popanda iwo akukula kukhala munthu wina. Nthabwala zomwe ankaseka awiri sizikubadwa, chifukwa zinabadwa mwangozi tsiku lomwe ananyowa ndi mvula ku Limbe, ndipo ulendo uno Tiyamike wabwera ndi ambulera. Pang'ono ndi pang'ono azindikire kuti Mphatso amene ankamukonda anali wopangidwa ndi masiku omwe anayenda limodzi, ndipo masiku amenewo ali m'mutu mwa munthu mmodzi yekha padziko lonse. Mnyamata ali patsogolo pakeyu ndi wamoyo, ndi wabwino, akhoza kukondedwa, koma ayenera kukondedwa kuyambira pachiyambi. Wowerenga wa zaka 17 amene bwenzi lake linasintha atapita kusukulu yogonera komweko amvetsa izi popanda kumufotokozera. Achinyamata amakonda nkhani zoterezi pa chifukwa chimenechi. Pa msinkhu umenewo chilichonse chimaoneka ngati mphambano yosabwereka, kaya ndi sukulu yomwe wasankhidwira, kaya ndi uthenga womwe sunayankhe, ndipo mawu akuti “ndikanadziwa” amayamba kuwawa koyamba.

Pali tsiku lomwe Mphatso ayenera kudziwa zoona, ndipo mutu umenewo ndi womwe ndingaulembe mosamala kuposa yonse. Musamuchititse kuti angomukumbatira n'kuthokoza. Ali ndi ufulu wokwiya. Afunse: “Tsiku lija unaseka nthabwala yanga, unaseka chifukwa inakusangalatsa kapena unkaidziwa kale?” Afunsenso ngati Tiyamike akukonda iyeyo kapena wakufa uja. Tiyamike asakhale ndi yankho lokonzeka.

Palinso wina amene simunamutchule: Tiyamike wa Folomu 2, mwini thupi lomwe wamkuluyu wadzukiramo. Wapita kuti? Ngati wafufutika, ndiye kuti pali mtsikana amene watayika kuti mnyamata apulumuke. Simukuyenera kulemba mitu isanu pa iyeyu, koma musamusiye osamutchula. Ndime imodzi yomwe Tiyamike akupeza kope la zinsinsi la mwini wakeyo, n'kuwerenga maloto omwe anawaiwala, ikwanira. Chenjeraninso ndi kusiyana kwa zaka. Kwa inu ndi zaka ziwiri zokha ndipo n'zopiririka, koma musadzakopeke kumubweza Tiyamike ali ndi zaka 25 kuti akafunsirane ndi mwana wa sukulu. Thupi likhoza kukhala laling'ono, maganizo ndi a munthu wamkulu, ndipo nkhaniyo imasanduka ina.

Chinthu china cholemera n'chakuti mwasankha tsoka lenileni. Freddy si namondwe wopeka. Anayenda panyanja masiku oposa 30, anatera ku Mozambique kachiwiri pafupi ndi Quelimane pa 11 Malichi 2023, ndipo m'masiku otsatira mvula yake inagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kutsikira ku Chilobwe. Ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu midzi inakokoloka. Anthu mazana ambiri anafa, ena sanapezeke mpaka lero. Ena mwa owerenga anu anakumba matope amenewo ndi manja. Wowerenga wotere akadzaona kuti Tiyamike akudziwa tsiku ndi malo, zaka ziwiri zisanachitike, n'kumangoganiza za mnyamata mmodzi, adzatseka bukulo. Nanga mlongo wake wa Mphatso? Nanga mayi wogulitsa mandasi pafupi ndi kwawo? Kanema wa ku Japan wa mu 2016, Your Name, wa Makoto Shinkai, anakumana ndi vuto lomweli. Mnyamata ndi mtsikana alekana ndi zaka 3, mtsikanayo ali m'tauni yomwe idzaphwanyidwe ndi chimwala chochokera kumwamba, ndipo kumupulumutsa kukutanthauza kusamutsa tauni yonse. Mtengo womwe alipira ndi wakuti aiwalana mayina. Sindikuti mutengere zimenezo, ndikungoonetsa kuti chikondi chikakula mpaka kukwana mudzi wonse nkhani imakula nacho.

Ndipo apa muli ndi chuma chomwe wolemba wakunja alibe. Kodi mtsikana wa Folomu 2 amukhulupirira ndani? Tiyamike akudziwa zambiri zomwe angapereke ngati umboni. Akudziwa kuti kumapeto kwa Januwale 2022 namondwe wa Ana adzaononga malo opangira magetsi a Kapichira ndipo dziko lidzakhala mumdima. Akudziwa kuti mu Febuluwale 2022 kudzatuluka ndalama yapepala ya K5,000, kuti mu Meyi chaka chomwecho kwacha idzatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, kuti kolera idzachedwetsa kutsegulira sukulu ku Blantyre ndi ku Lilongwe mu Januwale 2023. Akanena chimodzi n'kuchitika, anthu amuona bwanji? Ena ati ndi mneneri ndipo ayamba kubwera ndi mavuto awo pakhomo pa mayi ake. Ena anong'onezana kuti mwanayu ndi mfiti, ndipo tikudziwa kuti kunenedwa ufiti kwathu kuno kwaphetsa anthu. Mayi ake mwina apita naye kukapemphereredwa kapena kuchipatala. Ngakhale atamukhulupirira, banja lomwe likulipira lendi yotsika m'mbali mwa phiri lisamukira kuti, ndi ndalama ziti? Kudziwa za mawa sikumanga nyumba. Zopinga zimenezi ndi zamphamvu kuposa mdani aliyense amene mungapeke, ndipo zimalemekeza omwe anafa chifukwa zikuonetsa kuti sanafe ndi uchitsiru.

Ndikupemphani chinthu chimodzi pa mfundo imeneyi. Dera lenilenilo litchuleni, koma mabanja, mipingo ndi sukulu za m'nkhani zikhale zopeka, ndipo musatenge imfa ya munthu weniweni yomwe munamva n'kuiveka dzina lina. Ngati mungathe, wina amene anali ku Chilobwe masiku amenewo awerenge mitu ya namondweyo musanaitulutse.

Za 2021 musazilembe mongokumbukira. Zaka ziwiri zimaoneka zochepa koma mtengo wa minibasi, wa buledi ndi wa bandulo ya intaneti unali wina, ndipo kalendala ya sukulu inali itasokonekera ndi Covid-19. Tiyamike ayeneranso kulemba JCE kachiwiri. Timfundo totere ndi tomwe timamuuza wowerenga kuti wabwereradi m'mbuyo, popanda inu kulemba chaka pamwamba pa tsamba lililonse.

Chomaliza ndi chiyankhulo, ndipo ndasangalala kuti mukulemba m'Chichewa. Chichewa chili ndi kachidutswa kakang'ono, -kana- kapena -kada-, komwe kamanyamula dziko lonse lomwe silinachitike: akanachedwa, ndikanamuimbira, tikadasamuka. Mitu yoyamba, pomwe Tiyamike ali pamaliro, ikhoza kudzaza ndi mawu otere, ndiye akadzuka mu 2021 azimiririke mwadzidzidzi, chifukwa zonse zasanduka zotheka. Wowerenga amva kusinthako m'khutu. Komanso kwa Tiyamike dzulo ndi mawa zasinthana malo. Kwa iye Mphatso anafa, kwa ena onse Mphatso adzafa, kapena sadzafa. Mulole lilime lake lizipunthwa. Auze Mphatso kuti “unkakonda chimanga chootcha” m'malo mwa “umakonda”, Mphatso adabwe kuti bwanji akumunena ngati munthu amene kulibe. Kupunthwa kumodzi kotere kumagwira ntchito ya masamba atatu a kufotokoza. Kuti wowerenga asasochere, sankhani njira imodzi yosiyanitsira nthawi ziwirizi: mwachitsanzo za moyo woyamba muzinene ndi “anapita, anati”, za moyo wachiwiri ndi “akupita, akuti”, ndipo musaphwanye dongosololi.

Musanapitirize mutu wotsatira, tengani pepala lapadera mulembepo zinthu zinayi zomwe wowerenga sadzaziona: chomwe chinamubweza Tiyamike, ngati angabwererenso kachiwiri akalephera, amene akukumbukira moyo woyamba, ndi chomwe ataye ngakhale atapambana. Ine ndikanakhala inu ndikanamupatsa ulendo umodzi wokha, wopanda kubwereza, kuti tsiku lililonse la zaka ziwirizo likhale lolemera. Mukatero lembani usiku wa pa 12 Malichi 2023 kaye, mitu yapakati isanalembedwe. Mvula ikugwa tsiku lachiwiri, magetsi azima, Mphatso wadziwa kale zoona ndipo sakuyankhulana ndi Tiyamike, koma Tiyamike wafika pakhomo pawo atanyowa, akugogoda, ndipo amene watsegula chitseko ndi mayi ake a Mphatso. Lembani zomwe Tiyamike anene kwa mayiwo.